Opaleshoni ya nkhuku ya alandilodi

M'mbiri yonse ya Manja, dera lathu kuno ku Blantyre, ine ndine munthu woyamba kuthetsa poizoni wa makoswe pa lendi ya nyumba zisanu ndi imodzi. Sindinachite kampeni ayi. Ndinangotsala pang'ono kupha nkhuku ya alandilodi.

Makoswe anayamba ndi manotsi anga a ku koleji (sindinawalire, ine ndi koleji tinasiyana mwamtendere chaka chachiwiri). Kenako sopo. Atafika pa nsapato ya kutchalitchi, ndinakwera minibasi wa ku Limbe. Mkulu wina kunja kwa msika anandipatsa kapepala ka timibulu takuda.

"Bwana, uyu khoswe akangonunkhiza, azibale ake ayambe kutolera chipepeso."

Ndinasakaniza ndi bonya pachivundikiro cha chigoba cha majarini. Pokhala munthu wophunzira, sindinafune kuti makoswe afere kudenga n'kumandinunkhira. Ndinakaika panja, kuseri kwa bafa.

M'mawa bonya anali atatha. Ndikudziyamikira choncho, ndinaona thadzi la mayi Juwawo, alandilodi athu, likudzandira ngati lagona kokachasu, dovu lili chuchuchu.

"A Digiri," anatero mayiwo (ndi mmene amandiitanira, ndipo si ulemu), "mwathira chiyani kuseriku?"

"Mayi, ndi kafukufuku chabe."

"Nkhuku iyi ikafa, kafukufukuyo mukapitirize kwanu. Thamangani paokala, lezala yatsopano!"

Nyumba yotchipa ngati imeneyi simungaipezenso m'Blantyre muno. Ndinathamanga.

Ine ndinagwira mapiko ndi miyendo. Iwo anathothola nthenga pachifuwa, n'kung'amba chithokomiro, kathumba komwe nkhuku imasungira chakudya. Anatulutsa bonya wanga yense, n'kutsukamo ndi madzi, n'kusoka ndi ulusi wakuda wosokera zigamba.

"Gwirani bwino! Mukunjenjemera kuposa wodwala."

Atamaliza ndinakhala pansi. Ena amati ndinakomoka. Ine ndimati ndinakhala pansi mwachangu.

Nditatsegula maso, ndinaona Chisomo, mdzukulu wawo wongoyamba kukwawa, atafika kuseri kwa bafa, dzanja lili pachivundikiro chija. Mayi Juwawo anam'tsomphola ngati mphamba. Sanakalipe. Anangondiyang'ana.

"Lero ndi nkhuku. Uyu amatola chilichonse."

Ndinatola chivundikirocho n'kukachitaya m'chimbudzi.

Tsiku lachitatu thadzi linajompha gaga, ine n'kumasula chikwama chomwe ndinali nditalongedza kale. Loweruka mayiwo anaitanitsa lendi yonse: poizoni asadzalowenso pampanda pano. Tinamata mauna ndi simenti, tinavundikira zinyalala, tinagula misampha. Mchemwali wawo wa ku Soche anatipatsa mphaka, yemwe anasankha kugona pabedi panga, mwina pofuna kundilondera. Makoswe achepa ndithu. A nyumba ya kuseri kwathu nawonso abwereka nzeruyi, ndipo mphakayo ali ndi ana anayi olembetsedwa kale.

Thadzi lija likuikira mazira, koma likandiona limawoloka msewu.

Poizoni K500, lezala K200. Ulusi anandikhululukira.