Samu Yanga ndi Mbewu ya Amayi

Lolemba
Mvula yangokata kumene, malata akudonthabe. Achule kuseri, njinga zamoto zikulira m'matope kumsewu. Amayi anyamuka kupita kumaliro ku Wenya, abwera Lamulungu. Akuti ndisakhudze chitini cha mbewu ya mpendadzuwa, tidzala akangofika.

Kusukulu aphunzitsi a sayansi akuti kumaiko akunja amatulutsa mafuta m'njere ndi mpweya wopanikizidwa kwambiri, mpaka sudziwika ngati ndi mpweya kapena madzi. Anzanga akuwodzera. Ine ndamva. Ndapanga samu yanga: mafuta = njere × mpweya × nthawi. M'chitini muja nditapamo dzanja limodzi lokha.

Lachiwiri
Zida: botolo lapulasitiki, mtondo, mandimu, soda wa amayi wophikira therere. Soda ndi mandimu zimapanga mpweya womwewo. Ndasinja njere, ndathira zonse m'botolo, ndatseka. Lalimba ngati chubu. Samu ikuti ndipeza supuni ya mafuta. Chatuluka ndi thovu.

Lachitatu
Samu silakwa. Mafuta akachepa ndiye kuti china mwa zitatu zija chachepa. Nthawi ndilibe. Mandimu ndi a eni ake, ndipo ali ndi galu. Chatsala ndi njere. Ndatapanso, lero ndi kapu. Mzere wa pa girafu yanga ukukwera mokongola. M'botolo muli phala lotuwa.

Lachinayi
Chitsekero chaphulika, chagunda denga! Phala pakhoma, pakalendala, pa yunifolomu. A Nakamba oyandikana nafe asuzumira pawindo: "Kasi ukuphika vichi, mwana iwe?" Ndati sayansi. Akuti kumsika kuli makina ofinyira mafuta, munthu amangopita ndi thumba lake. Sakumvetsa.

Lachisanu
Ndafunsa aphunzitsi kuti mpweya uja amaupanikizira muti. Akuti m'chitsulo chochindikala, mphamvu yake ngakhale tayala la lole silingapirire. Akananena Lolemba.

Komabe pamwamba pa phala ndaona kadontho konyezimira. Mafuta! Samu ikuti njere zambiri, madontho ambiri. Ndasinja mpaka mkono kuwawa.

Loweruka
Ndanunkhiza botolo. Ndi lija amayi amaguliramo mafuta ophikira. Kadontho kaja n'ka kugolosale.

M'chitini pansi pakuoneka. Phala ndaliyanika pathumba, nkhuku zathokoza. Njere yosinja simera, izi sizifuna samu.

Lamulungu
Ndatsuka khoma. Chitini ndachikankhira kuseri kwa ndowa. Zotsalamo zingakwane mzere umodzi, munthu atadzala motalikitsa. Ndakonza zoti ndinene, koma chilichonse chikuyamba ndi mpweya.

Madzulo amayi afika, nsapato m'manja, chitenje chili matope okhaokha. Abwera ndi azakhali a ku Wenya ndi kamwana kawo. Azakhali anyamula kathumba kopanda kanthu. Amayi anawalonjeza mbewu.