Njiri za M'dimba la Apongozi

Lolemba

Sabata yaikulu! Lamulungu kukubwera amalume a mkazi wanga, eni mbumba, kudzaona ngati ndili munthu woyenera chitengwa. Akavomera, ine, make Dalitso ndi mwana ulendo wa kwathu ku Ndamera. Ukamwini wa kuno kwa Lundu wandikwana. Abale anga amandiseka kuti ndinakwatiwa.

Umboni wanga ndi mbatata za m'dimba limene apongozi anandibwereka. Masamba biriwiri!

Vuto ndi njiri. Zikutuluka m'tchire dzuwa likuswa mtengo, manyazi zilibe. Zazikazi ndi tiana zikuyenda pamodzi. Chimphongo, mano ngati zikwakwa, chikuyenda chokha chapatali, mayendedwe a kapitawo wa ku esiteti. Bwana ndi ameneyo. Ukathana ndi bambo, banja lonse limabalalika. Kwathu ngakhale mwana amadziwa.

Lachiwiri

Zida: zitini, chingwe, jekete langa la ukwati. Chiwopsezo chaima, chooneka bwino kuposa mwini jekete.

Chimphongo chikungochiona, mchira njo, liwiro! Ndikuchipirikitsa mpaka kumitengo. Ndapambana!

Pobwerera ndikupeza zazikazi zagwada pamzere wakumapeto. Njiri zimadya chogwada, ngati zili pa mgonero. Mzere umodzi si kanthu.

Lachitatu

Utsi wa tsabola ndi ndowe. Mphepo yatembenuka. Ndikulira ngati namfedwa, koma chimphongo sichinabwere n'komwe. Chamva mbiri yanga!

Zazikazi zabwera. Misozi itaphwa ndikuziona bwino: izi zikukumba, iyo ikuyang'anira tiana ta inzake. Mgwirizano wotere ngakhale kumpingo kwathu kulibe.

Apongozi salankhula nane maso ndi maso, mwambo sulola. Amauza nkhuku. Lero akuziuza kuti: "Ena amalondera tchire, mbatata ili kumbuyo." Nkhuku sizinayankhe.

Lachinayi

Mbuna! Ndikukumba panjira ya chimphongo, kuti chikagweramo kamodzi chisadzakumbukirenso kuno. Matuza m'manja, thukuta kamukamu. Msana wakana, ndiye mbali imodzi yatuluka yopendekera. Palibe kanthu.

Make Dalitso akufunsa ngati nyumba yanga ya ku Ndamera ija inafoleredwa. Denga ndi nkhani yaing'ono. Chofunika ndi chakuti nyumbayo ndi yanga. Tinene kuti makoma ake ndi anga.

Lachisanu

Chalowa! Chimphongo chili m'mbuna!

Kunena chilungamo, chalowa chokha, kumbali yopendekera ija, chambuyombuyo, mano kunja, monga zimalowera njiri kuuna kwawo. Chikuliza mkonono. Ndamangira mdani nyumba ya mthunzi, pafupi ndi chakudya. Komabe chili m'dzenje, ndipo dzenjelo ndakumba ndine.

Theka la dimba lapita. Theka lilipo! Mtima ukugunda ndikaganiza za Lamulungu, koma mwina ndi tsabola uja.

Loweruka

Apongozi atulukira m'dimba ndi chitini chimodzi. Chimphongo sakuchiyang'ana n'komwe. Akulunjika njiri yaikazi yokalamba, ya khutu long'ambika, imene sabata yonse ndimaiyesa yodwala. Ngwe! Ngwe! Nkhalambayo ikutembenuka, gulu lonse pambuyo pake, michira m'mwamba. Dimba lonse zii.

Nkhuku palibe pafupi, ndiye akuuza khasu langa: "Sabata yathunthu kulimbana ndi mkamwini mnzake. Uyotu amangobwera kudzacheza. Mudzi si wake."

Khasu lamva.

Lamulungu

Amalume ayendera dimba. Aona mizere yotsala. Jekete aliyamikira. Pambuna aima nthawi yaitali.

"Mphamvu muli nazo, akamwini," akutero. "Dzenje lotere sitinalionepo kuno. Munthu wolimbika chonchi tingomutaya? Mulimenso chaka chino. Za chitengwa tidzakambirana."

Ndayamikiridwa pagulu! Ku Ndamera amve zimenezi.

Make Dalitso akuti "mayo, zachisoni," koma ndamuona akutsinzinira amayi ake. Katundu sanamange n'komwe. Zandipweteka, ndisaname.

Dzuwa litapendeka ndapita kudimba kukavula chiwopsezo jekete. Chimphongo chakhala pakhomo pa mbuna, chokha. Gulu likudya patali, palibe wochiitana. Tayang'anana. Ndakumba mbatata imodzi n'kuchiponyera.

Idya, shamwali. Iwe bola, nyumba uli nayo.