Ndevu za Nontu ndi Ufa wa Iridiyamu

"Mu Kolkata monse muno, chitsulo chondigwira ine sichinasulidwe," anatero Nontu Kiyi, akupotokola ndevu zake zonga nyanga za njati. "Chikadzandigwira, ndevuzi mudzamete."

Ankapapira kachasu kuseri kwa msika wa nsomba ndi anzake awiri: Bhola Chimtolo, chimphona cha nzeru zochepa, ndi Tapan Pulofesa, amene ukachenjede wake unali wogulitsa tiyi pa geti la yunivesite.

"Dada, m'chipinda cha kafukufuku cha Didi Madhurima, wasayansi wa pa yunivesite, muli ufa wa iridiyamu," Pulofesa ananong'oneza Nontu, amene ankamutchula Dada ngati mkulu wawo. "Golide pamenepo ndi mwana. Amausunga m'chithanki chozizira cha maginito."

"Maginitowo sakatikoka?" anafunsa Chimtolo.

"Mbuzi iwe! Ndinamva ndekha ndikuthira tiyi. Ufawo ukazizira, timaginito ta m'kati mwake timafola ngati asilikali. Didi akathiramo mankhwala a kashiyamu, magetsi amayamba kudutsa, mzere n'kubalalika, maginito n'kufa. Sabata ino wathiramo wambiri."

"Basi, maliro tinalira kale," anatero Nontu. "Thira kachasu wina."

Anasankha tsiku la Vishwakarma, pamene makina onse amavekedwa maluwa n'kupuma. Analowa masanasana atasenza nkhata zamaluwa, mgwala wachitsulo uli pansi pa maluwawo. Mlonda mpaka anawagawira maswiti.

Chithanki chinali phee, nkhata ili m'khosi. Nontu anachiyandikira monyang'wa, mpukutu wa makiyi ukulira m'chiuno.

Khwaa! Makiyi anatsogola, mwini wake pambuyo, mimba n'kumata pachithanki. Mgwala unachoka wokha m'manja mwa Chimtolo n'kudzamupingasa kumsana ngati mpiringidzo.

"Vulani lamba, Dada!" anakuwa Chimtolo.

"Chomangira chake chili kumimba, galu iwe! Koka!"

Chimtolo anakoka mpaka kutsala ndi nsapato. Mpweya utayamba kuchepa, mbava yaikulu ya mu Kolkata inalira kuti, "Kaitaneni mwini wake!"

Madhurima anafika mbale ya mpunga ili m'manja, mlonda ali pambuyo.

"Didi, si munati maginito anafa?" anadandaula Pulofesa.

"Anafa ndi a mu ufa, Tapan-da. Awa ndi oyezera ngati anafadi. Awa sapita kutchuthi." Anawaonetsa kabotolo kena ka ufa womwewo, wosakwana n'fodya wa mphuno imodzi.

"Zimitsani, Didi, chonde," anapempha Nontu.

"Ndizimitse muyeso uli pakati? Dikirani uthe." Anangochotsetsa mgwala ndi anthu anayi, n'kukhala pansi kumaliza mpunga.

Apolisi anapeza Nontu akadali chikupatire chithanki, wina atamuveka kale nkhata poti naye anali atasanduka makina.

Kundende Chimtolo, amene sankakumbuka ngakhale dzina la msewu wakwawo, lonjezo lija analikumbuka bwinobwino. Anaitana yekha wometa. Nyanga zonse ziwiri zinagwa, ndipo ndalama za lumo, marupi makumi awiri, analipira Nontu mwini.