Mwamuna Wobwereka wa Kusikelo

Lolemba
Anamwino akuti Lachisanu ndibwere kusikelo ndi bambo a mwana, tidzayezetse magazi tonse awiri. Ine anandiyeza kale, ndili bwino, koma ngati iwo ali ndi kachilombo ndikhoza kukatenga ndili ndi pakati, mwana n'kutengera. Ndawauza amuna anga. Yankho: "Ukayezetsa iwe, tayezetsa tonse." Magazi awo amayenda m'thupi mwanga kodi?

Lachiwiri
Pulani: kuwachapira malaya akutchalitchi, kupopa njinga, kusalalata mpaka Lachisanu. Chomalizachi chikundivuta kale.

Lachitatu
Apongozi abwera kudzationa. "Mwana wanga akakhale pabenchi pakati pa azimayi amimba? Bambo ake anabereka ana onsewa osapondako kusikelo." Ndangowathirira tiyi, poti pulani ndi yosalalata.

Lachinayi
Ndatuma amalume, ankhoswe athu, akalankhule ndi amuna anga. Abwera madzulo kuchokera ku Mtakataka atagwirana m'mapewa, onse awiri akununkha kachasu. Amalume: "Mkamwiniyu ndi wathanzi, taona masayawo." Lero amalume asanduka makina oyezera magazi!

Lachisanu
M'mamawa munthu wasowa, njinga yomwe. Akuti maliro ku Golomoti. Wamwalira ndani? Palibe akudziwa.
Ndakwera kabaza. Kusikelo akuyamba kulowetsa obwera ndi amuna awo, enafe padzuwa, miyendo itatupa. Ndamukoka wakabaza uja: "Achimwene, lero ndinu amuna anga." Wavula chipewa, walowa, wamvetsera uphungu, mpaka kufunsa mafunso! Chala wapereka osanjenjemera. Alibe kachilombo. Watuluka akumwetulira ngati wakhoza mayeso. Ine ndabwerera monga ndinapitira.

Loweruka
Nkhani yafika kale pamudzi. Amuna anga akubangula pabwalo: "Unalowa ndi mwamuna wina? Ine ndinafa?" Ndawayankha kuti tiyeni Lolemba mukawauze nokha anamwino kuti mwini mimbayi ndinu. Nsanje yathera pomwepo. Akuti mutu ukuwawa, akagone.

Lamulungu
Potuluka ku Misa ku Mua, mayi wina wandigwira dzanja. Mkazi wa wakabaza! Ndimati andimenya, koma akuthokoza: wakhala akumuchonderera mwamuna wake kuti akayezetse kuyambira kalekale, osatheka. Banja la eni ndalikonza.
Kulalata ndatopa nako. Mwana akugunda m'mimbamu. Magazi a munthu wondipalasira njinga ndikuwadziwa. A munthu amene ndimagona naye mphasa imodzi, ayi.