Dothi la ku Kasinje Lomwe Linanunkha Utsi ku Joni

Mpaka lero ndikamva fungo la utsi wa m'khitchini, nkhope imandiyabwa ndi manyazi.

Ndinkafufuza ngati dothi la mtapo la kwathu ku Kasinje lingaumbidwe zosefera madzi akumwa. Makina oyezera anali ku yunivesite ina ku Joni, ndipo anandipatsa mpata wa ulendo umodzi wokha. Ukalephereka, digiri yanga inali kupita nawo. Makinawo amagwira ntchito chonchi: umathira ufa wa dothi m'kachubu kagalasi, n'kudutsitsamo mpweya wa mankhwala osiyanasiyana ndi nthunzi ya madzi. Mpweya umene wachedwa kutuluka ndiye kuti dothi laukonda. Basi, khalidwe lonse la dothi limaonekera pamenepo.

Nditakumba dothi kudambo, ndinaliyanika, kulisinja, n'kulithira m'kathumba kansalu. Ndinapatsa amayi ndi mawu a munthu wophunzira: "Musunge pouma kwambiri, chinyezi chisayandikire." (Kuti pouma m'nyumba mwathu ndi pati, sindinafunse.)

Tsiku lonyamuka, abambo, amene unyamata wawo wonse anaudyera m'migodi ya ku Joni komweko, anandikokera pambali n'kundipatsa kabotolo kotseka bwino.

"Dothi ili ndatapa padzenje lomwe unakumba lija. Ukafika usungunule m'madzi, umwe. Madzi achilendo sakupweteka m'mimba."

"Abambo, zimenezo ndi za kale," ndinatero ndikuseka. Ndinakaponya m'chikwama kuti asakhumudwe.

Ku Joni makina anatulutsa zodabwitsa. Dothi langa linkakana madzi ngati nthenga za bakha! Ine ndinayamba kudzimva. Ndinathamangira kwa adokotala a zasayansi amene ankayang'anira kafukufuku wanga, mayi wosaseka wamba, n'kuwauza pamaso pa ophunzira onse kuti ndatulukira dothi loti dziko silinalionepo.

Anayang'ana mizere ya pakompyuta. Kenako anatenga kathumba kaja n'kukanunkhiza.

"Kwanuko dothi mumaliwamba?"

Anthu anaseka mpaka wina anatsamira khoma. Ndinatuluka panja n'kuimbira amayi.

"Amayi, kathumba kaja munasunga pati?"

"Pansanja pamwamba pa moto, pamene timasunga mbewu. Si unati pouma? Ndipo sikanafumbwe ngakhale pang'ono."

Mwezi wathunthu dothi langa linkamwa utsi pamodzi ndi mbewu ya mawungu. Ndinakhala pamasitepe, misozi ili pafupi. Kubwerera kwathu kukatenga lina kunali kosatheka.

Ndiye ndinakumbukira kabotolo kaja. Ndinakhuthula chikwama chonse ngati wamisala, n'kukapeza kali mu sokosi. Mwayi wake, makinawo safuna dothi lambiri, kasupuni kamodzi kamakwana. Adokotala ananunkhiza kaye (ndani angawadzudzule?) asanavomere.

Dothi la abambo linayenda bwino zedi, linakonda madzi monga mmene zosefera zimafunira. Adokotala anaika mizere yonse iwiri pamodzi, ya dothi la utsi ndi ya loyera, n'kunena kuti kusiyanako n'kofunika, chifukwa zosefera zathu zidzakhala m'makhitchini a utsi momwemo. Manyazi anga anasanduka mutu wathunthu m'kafukufuku, ndipo ndi umene oyesa mayeso anauyamikira kwambiri. Ndinakhoza, abale, ndinakhoza!

Nditafika kumudzi, abambo sanafunse za digiri.

"Dothi lija unamwa?"

"Anamwa ndi makina, abambo."

Anagwedeza mutu mokhutira. "Adwala?"

"Ayi."

"Waona tsono."

Sindinatsutse. Ulendo wotsatira ndinapempha ndekha mabotolo awiri.