Nsanza ya Tonde

Lolemba

Chaka chikutha, mbuzi zanga ziwiri, Nangozo ndi Abiti Phokoso, sizikutenga bere. Mayi a kunyumba agamula: "Mvula ikagwa zili chomwechi, zikupita kwa a Jafali." A Jafali ndi a butchala a ku Mbedza. Ali ndi mpeni, koma alinso ndi tonde, ndipo akuti ndibwere nazo zikayamba kumufuna.

Ine ndi mphunzitsi wa sayansi wopuma, sindingadikire ngati munthu wamba. Nkhani yake ndi yapafupi. Mphuno imva fungo la tonde, mitsempha ithamangitsa uthenga ku ubongo, ubongo udzutsa mabasiketi a mazira, mahomoni atuluka, mbuzi iyamba kugwedeza mchira. Zofunika:
nsanza
botolo la chivindikiro
mutu wa tonde
kulimba mtima.
Loweruka zikhala zitapsa!

Lachiwiri

Ku Mbedza. Ndikupukuta tonde kuseri kwa nyanga, pamene fungo limachokera. Chilombo chake! Ndevu ngati mkulu wa mpingo. A Jafali akundiyang'ana ataika manja kumbuyo. "Aphunzitsi, tondeyu sanasambitsidwepo ndi munthu wa tayi."

Botolo ndaliiwala pa tebulo. Nsanza ndaika m'thumba la jekete. Mu minibasi mayi wina akutsegula windo. Kondakitala akunditsitsa ndisanafike pa siteji yathu ya ku Mtiya, ati galimoto yatentha. Ndikuiona ikupitirira bwinobwino.

Lachitatu

Kuyesa koyamba. Nangozo wanunkhiza nsanza, wayetsemula, wabwerera ku makoko a nthochi. Abiti Phokoso wanunkhiza, waganiza mozama, wadya theka lake.

Mitsempha ya m'mphuno ndiyo ndimafuna, osati ya m'mimba.

Ndikuwafotokozera mayi kuti thupi la chachikazi silimva chimodzimodzi masiku onse. Uthenga womwewo lero udzutsa mahomoni, mawa upita pachabe, zimatengera pamene nyengo yafika. Iwo akuti: "Ndabereka ana anu onsewa, lero ndi pamene mukudziwa zimenezo?"

Ndikupita kukathirira mpiru.

Lachinayi

Zanunkha:
jekete
mpando wa pabalaza
pilo
buku la nyimbo
ine.

Ndasamba kawiri, kachiwiri ndi sopo wochapira. Mayi asamutsa bulangete langa, lili pa khonde. "Mpaka sayansi yanu ithe."

Koma taonani! Madzulo Nangozo akugwedeza mchira! Akulira mosalekeza! Ndikuthamangira ku khola, mtima uli m'mwamba. Nsanza yotsala ndaipachika pa mtengo, koma iye sakuiyang'ana n'komwe. Akuyang'ana ine.

Lachisanu

Ndikukwera msewu wa ku phiri kuti jekete lipitidwe mphepo. Pamwamba pali nkhungu, paini akununkhira, ine ayi. Azimayi ogulitsa mabulosi, amene amathamangira aliyense wodutsa, andiona n'kuvindikira mbale zawo. Anyani ali pa mwala. Wamkulu wakweza mphuno, watenga banja lake, walowa m'nkhalango.

Pobwerera ndikupeza zonse ziwiri zathyola khola, zikundidikira pa geti. Zikundiperekeza mpaka ku bafa. Aneba ali pa mpanda: "Aphunzitsi, mwayamba mitala?"

Komabe sayansi yagwira. Ndilembe zimenezo. Yagwira!

Loweruka

Ulendo wa ku Mbedza, wapansi. Chingwe n'chosafunika, zikunditsata zokha. Ndavala jekete lomwe lija kuti zisabalalike pa msewu. Nzeru!

A Jafali atsegula khola. Tonde watuluka. Akazi awiri okonzeka ali patsogolo pake, koma iye wakweza mlomo, wanunkhiza mphepo, wapeza kuti pabwalo pake pali tonde wina. Wa tayi.

Ndaiwala kuti nayenso ali ndi mphuno, mitsempha ndi mahomoni ake.

Koyamba wandipeza m'ntchafu. Kachiwiri ndinali nditatembenuka kale. Ndili pamwamba pa mulu wa nkhuni, Nangozo ndi mnzake aima pansi, akulirira ine. A Jafali akuseka mpaka chipewa chagwa. "Tsikani, aphunzitsi, mukambirane ngati amuna!"

Palibe chachitika. Tabwerera tonse atatu, ine ndikutsimphina.

Lamulungu

Kutchalitchi sindikupita. Benchi ndi lolimba, ndipo pokhalira panga patupa.

Mayi apita okha. Pobwera adzera ku Mbedza, ndipo masana a Jafali afika ndi tonde pa chingwe, ati akhale kuno mpaka ntchito itheke. Mpeni ayamba aiwala kaye. Malamulo a mayi ndi awiri: jekete litenthedwe, ine ndisayandikire khola.

Ndili pa khonde, ndakhalira mbali imodzi. Kuseri kukumveka phokoso, kenako bata. Nangozo sakundiitananso. Ndinene zoona, zandikhudza pang'ono.

Tonde ali kunja, ine ndili kunja. Tonse tikununkha mofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti mnzangayo ali pa ntchito.