Utsi Wasamukira kwa Malume

Lolemba
Aliyense akuti kwa eni umayenda chowerama. Anakhazikitsa zimenezo ndani? Lamulo la dziko lino limaletsa kusuta fodya mkati mwa bala, koma ife operekera zakumwa tikufukizidwa ngati mbewa ku una. Digiri yanga ya zaumoyo ndi yonyamulira mabotolo basi? Ndawauza bwana kuti tiletse kusuta mkati. Akuti, "Yesa." Malume a Mbewe, mlonda wa pakhomo amene anandipezera ntchitoyi, akuti, "Mphwanga, pang'onopang'ono." Akuluakulu ndi mantha!

Lachiwiri
Zikwangwani pakhoma. Timbale ta phulusa m'bini. Osuta onse panja! Malaya anga sakununkha. Gaborone West imadikira ine.

Lachitatu
Dzuwa la kuno silicheza, ndipo mthunzi panja ndi umodzi wokha: kakhumbi ka malume. Onse aunjikana pomwepo. Moni wa Chitswana, "Dumela, rra," kenako utsi kumaso. Malume ali ndi mphumu. Ndimadziwa, koma sindinaganize. Iwo ndi ulemu wa kwathu uja awasiyira mpando, aimirira pakati pawo, manja kumbuyo.

Lachinayi
Osuta aja ndawasamutsira kuseri. Kuseriko kuli windo la khitchini. Mma Neo, wophika wathu, atuluka ndi chipande m'manja. Chitswana changa n'chochepa, koma lero ndamva zonse. Osuta abwerera kwa malume chothamanga.

Lachisanu
Bwana akondwa: pakhomo pakuoneka podzaza, odutsa akukopeka. Awonjezera mabenchi, tebulo, sipika. Pakakhumbi pomwepo! Akuti ndili ndi mutu. Malume akutsokomolera m'chipewa kuti asakhumudwitse makasitomala. Ndadutsa ndi thireyi, maso kumbali.

Loweruka
Malume ali ku kiliniki, chifuwa chikulira ngati wenzulo. Akazi awo pafoni: "Ophunzira inu, zikomo kwambiri." Adula. Bwana akuti pakhomo pakakhala popanda munthu mawa, pali wina wa ku Kopong akufuna ntchito. Malume ali ndi ana asukulu kumudzi.

Lamulungu
Mkati mpweya uli bwino, anzanga asiya kutsokomola. N'zoona zimenezo, koma sizikunditonthoza. Lero ndi tsiku langa lopuma. Ndavala jekete la malume, mikono yake yolekeza m'zigongono, ndakhala pakhomo kuwasungira malo. Bambo wina wandipempha machesi. Ndawayatsira.